Olo Nditakhoza, Fizi ya ku Yunivesite Andilipirira Ndani?

Anzanga nonse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, funso lili pamwambali si lachilendo. Timalimva pa nthawi ya buleki, timalimvanso panjira pobwerera kunyumba, makamaka mayeso akayandikira. Ndipo si funso lachibwana ayi. Ambirife makolo athu ndi alimi a mpunga ndi chimanga, ena ndi asodzi, ena amagulitsa malambe ndi mphasa m'mbali mwa msewu wa M5. Ndalama za chaka chimodzi ku yunivesite zingathe kumeza zokolola zonse za pakhomo. Kuipa kwa funsoli n'kwakuti anzathu ena alisandutsa chifukwa chosiyira kuwerenga. Amati, "Ndivutikirenji poti sindikapita kulikonse?" Koma thandizo lilipo, ndipo lili mitundu itatu: ngongole ya boma, sikolashipu, ndi ndalama za kafukufuku. Anthu amazisokoneza zitatuzi, ndiye tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Khomo loyamba ndi MSCE

Palibe amene amakulipirira fizi usanapeze malo. Mayunivesite a boma m'Malawi muno alipo asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS amene malikulu awo ali ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. MUBAS ndi KUHeS kale zinali nthambi za University of Malawi, zinaima pazokha mu 2021. Ntchito yolandira mafomu a ofuna malo m'mayunivesite amenewa imayendetsedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe mwachidule amati NCHE.

Kuti ulembe fomu ya NCHE uyenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE, ndipo Chingerezi chikhale momwemo. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulephera. Amaphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Wokhoza koposa amakhala ndi mapointi 6, ndipo amene wangokwanitsa makirediti onse pa giredi 6 amakhala ndi mapointi 36. Apa nambala yochepa ndiye yabwino. Ofuna malo amachuluka kuposa malowo, choncho kungokhala ndi makirediti sikokwanira.

Kwa ife a Fomu 2 pali mfundo ina yofunika. Tikalemba JCE n'kulowa Fomu 3, timasankha maphunziro. Wothawa Physics ndi Chemistry chifukwa choti "n'zovuta" adziwe kuti wadzitsekera yekha khomo la udokotala ndi uinjiniya, zaka ziwiri asanalembe n'komwe MSCE. Tisanasankhe tiziyamba tafunsa aphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Ngongole ya boma

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, mwachidule HESLGB. Ntchito yake ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa amene apeza malo ku yunivesite. Ngongoleyi imathandiza pa fizi komanso pa ndalama zodzisamalira monga chakudya, malo ogona ndi zolembera. Si ya ophunzira a m'mayunivesite a boma okha. Amene ali m'mayunivesite omwe si a boma amathanso kupempha, bola yunivesiteyo ndi maphunziro akewo zikhale zovomerezedwa ndi NCHE.

Pali zinthu zitatu zoti tizidziwe. Choyamba, ngongole sibwera yokha chifukwa choti dzina lako latuluka. Umayenera kulemba fomu pa intaneti m'nthawi imene alengeza, ndipo nthawiyo ikadutsa ndiye kuti yadutsa basi. Chachiwiri, si onse opempha amene amalandira, chifukwa opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo. Bungweli limayang'ana umboni wosonyeza kuti ndiwedi wosowa. Chachitatu, iyi ndi ngongole, si mphatso. Ukamaliza sukulu amakupatsa kanthawi kopuma, kenako umayamba kubweza, ndipo lamulo limafuna kuti olemba anthu ntchito azithandiza kudula ndalamayo pa malipiro.

Kayendedwe kake n'kofanana ndi banki m'khonde imene amayi athu amasonkhana kumudzi. Wina akatenga n'kukana kubweza, wotsatira amapeza m'bokosi mulibe kanthu. N'chifukwa chake HESLGB imatsatira ngakhale anthu amene anabwereka kalekale, m'zaka za m'ma 1980. Bwana wa ku Lilongwe amene sakubweza ngongole yake akudya fizi ya mwana wa ku Golomoti kapena ku Mua.

Sikolashipu

Sikolashipu ndiye mphatso. Subweza ndalama, koma imakhala ndi malamulo ake, monga akuti uzikhoza bwino chaka chilichonse, apo ayi amakuchotsa. Ina imalipira zonse, ina imalipira fizi yokha. Pamene ngongole imayang'ana kwambiri kusowa, sikolashipu zambiri zimayang'ana zinthu zitatu pamodzi: kukhoza m'kalasi, kusowa, ndi zimene wachitapo pothandiza anthu kwanu.

Chitsanzo chodziwika ndi Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012. Imalipirira achinyamata anzeru a mu Africa ochokera m'mabanja osauka, m'mayunivesite monga Makerere ku Uganda, Ashesi ku Ghana, ndi Cape Town komanso Pretoria ku South Africa. Fomu imatumizidwa ku yunivesite imene ukufunayo, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ndi tsiku lake lotsekera. Kwa atsikana kuli bungwe la CAMFED, lomwe linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2009 ndipo limathandiza atsikana akumudzi kuti asasiye sukulu. Kuno kwa Kachindamoto nkhani ya mtsikana ndi sukulu sitiyimva kwa alendo. Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabweza m'kalasi. Achemwali, amene wabwerera kusukulu asamaone ngati MSCE ndiye pothera.

Pali mayina ena akuluakulu amene timawamva pa wailesi, monga Chevening, Beit ndi Rhodes. Amalawi amaloledwa kupempha, koma zimenezi n'za anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba ndipo akufuna yachiwiri. Wa Fomu 4 asataye nazo nthawi panopa, angozisunga m'mutu kaamba ka m'tsogolo.

Ndalama za kafukufuku

Mtundu wachitatuwu ambiri sitiudziwa. Maphunziro ambiri a digiri amatenga zaka zinayi, ndipo m'chaka chomaliza wophunzira amachita kafukufuku wakewake. Amasankha funso limene yankho lake silikudziwika bwino, amapita kukafufuza, n'kulemba lipoti lalitali limene aphunzitsi ake amalichonga ngati mayeso. Asanayambe amalemba pepala lofotokoza funso lake, chifukwa chake n'lofunika, njira imene adzatsate, ndi ndalama zimene zidzafunike.

Tiyerekeze kuti mwana wa kuno ali ku Bunda ndipo akufuna kudziwa chifukwa chake minda ina ya mpunga pa sikimu ya Bwanje imabereka kwambiri kuposa ina, chikhalirecho madzi ake ndi amodzi. Afunika thiransipoti yochokera ku Lilongwe kubwera ku Mtakataka, mwina kangapo. Afunika kusindikiza mapepala a mafunso oti akafunse alimi. Afunika kutenga dothi kuti akaliyeze mu labotale. Zonsezi ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri zimachoka m'thumba mwa wophunzirayo.

Ndiye wosauka amatani? Njira yodziwika ndi kulowa pansi pa kafukufuku wamkulu wa mphunzitsi wa pa yunivesite. Aphunzitsi amenewa amapempha ndalama kumabungwe, monga National Commission for Science and Technology, bungwe la boma loona za sayansi, kapena mabungwe akunja. Akapeza ndalamazo amafuna ophunzira oti awathandize kutolera zinthu kumidzi, ndipo wophunzira amatengapo kagawo kena kukhala kafukufuku wake. Thiransipoti ndi zoyezera zimalipiridwa ndi pulojekitiyo. Pa za umoyo, ku Blantyre kuli bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, limene limachita kafukufuku wa matenda monga malungo ndi chifuwa chachikulu, ndipo limaphunzitsa achinyamata ntchito imeneyi.

Apa ndi pamene mwana wakumudzi ali ndi mwayi umene wa m'tauni alibe. Mafunso ofunika kufufuza tikukhala nawo pakhomo. Likodzo la ana osamba m'nyanja ndi m'mitsinje timalidziwa. Kuchepa kwa chambo asodzi amadandaula tsiku ndi tsiku. Mitsinje yochokera kumapiri a Dedza ikasefukira ndife amene timaona minda ikupita. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo ali ndi mabatire akuluakulu osungira magetsiwo. Ku Mua, komwe mishoni inayamba mu 1902, kuli Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, ndipo anthu ophunzira amachoka kutali kudzafufuza za Gule Wamkulu ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ngati alendo amakwera ndege kudzafufuza za kwathu, ife eni ake tingalephere bwanji? Chilankhulo tikuchidziwa, njira tikuzidziwa, mafumu akutidziwa.

Kumbukiraninso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anapitiriza kuwerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono ya kwawo, n'kupanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Anthu atamva za ntchito yakeyo anamuthandiza kubwerera kusukulu, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Dziwani kuti thandizo linabwera pambuyo, ntchito ndiye inayamba.

Chenjerani ndi atambwali

Pamene pali njala ya sukulu, akuba nawonso amatchera misampha. Mungalandire uthenga pa foni kapena kuona pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti, "Mwasankhidwa kulandira sikolashipu, tumizani ndalama pa nambala iyi." Sikolashipu imene sunapemphe singakusankhe. N'zoona kuti mafomu ena, monga a NCHE, amakhala ndi ndalama yolipira, koma imalipidwa m'njira imene bungwe lenilenilo lalengeza, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wosadziwika. Musanatumize kanthu, onetsani uthengawo kwa ahedi kapena aphunzitsi a kalasi yanu. Mbuzi ya pakhomo isagulitsidwe chifukwa cha uthenga wa pa foni.

Zoti tiyambe panopa

Ena anena kuti, "Ife tili Fomu 2, izi n'za akuluakulu." Ayi aise, zambiri zimayamba pano.

Choyamba, dzina. Onetsetsani kuti dzina lanu ndi tsiku lobadwa zalembedwa mofanana paliponse: pa kaundula wa sukulu, pa mayeso a MANEB, ndi pa chiphaso cha unzika chimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kungakuchedwetseni pa nthawi imene anzanu akutumiza mafomu.

Chachiwiri, mapepala. Malipoti a temu iliyonse, satifiketi ya JCE, ndiponso kwa amasiye umboni wa imfa ya makolo, zonsezi muzisunge mu pulasitiki pamalo poti chiswe ndi mvula sizingafike. Opereka thandizo sakhulupirira pakamwa, amafuna pepala.

Chachitatu, Chingerezi ndi Masamu. Wolephera kirediti ya Chingerezi, ngakhale akhoze zina zonse, fomu ya NCHE siyenda. Komanso sikolashipu zambiri zimafuna kuti ulembe nkhani yofotokoza moyo wako ndi zolinga zako. Chimangirizo chimene timalemba m'kalasi ndiye poyeserera pake.

Chachinayi, mbiri yako. Tsiku lina mudzafuna kalata yokuchitirani umboni yochokera kwa ahedi kapena aphunzitsi. Adzalemba zimene akuona lero. Kulowa kalabu ya sayansi kapena ya zachilengedwe, kuthandiza ana a pulayimale kuwerenga, kukhala pulifekiti wokhulupirika, zonsezi zimawerengedwa.

Chachisanu, foni ndi intaneti. Mafomu ambiri masiku ano amalembedwa pa intaneti. Phunzirani kutsegula imelo ndi kusunga nambala yake yachinsinsi, ngakhale pa foni yobwereka.

Palibe amene akunena kuti njirayi ndi yophweka. Timayenda mtunda wautali m'dzuwa la kuno kuchigwa, mabuku ndi ochepa, ndipo tikafika kunyumba ntchito ikutidikira. Ena adzapempha ngongole n'kusapatsidwa chaka choyamba, n'kuyesanso chaka chinacho. Koma amene wasiya kuwerenga lero chifukwa choopa fizi ya zaka zitatu zikubwerazo sadzafika n'komwe pa mzere wa opempha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ife kudumpha kwathu koyamba ndi JCE, ndipo yayandikira. Akulu athu a Fomu 4, yambani kufunsa aphunzitsi za masiku a mafomu a NCHE ndi HESLGB, ndipo mukamva kanthu mudzamate pabolodi pano kuti tonse tione.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2