Chikwanje cha ndale ndi lamulo la milandu ya chidani

Pa 26 Juni 2025, pa Lilongwe Community Ground, anyamata onyamula zikwanje anamenya ndi kuvulaza a Sylvester Namiwa, mmodzi mwa otsogolera zionetsero, pomwe anthu amasonkhana kuti ayambe zionetserozo. Apolisi ndi asilikali anali pomwepo. Mu Febuluwale 2024 otsatira chipani cha DPP anakhapidwa ndi kuphwanyiridwa magalimoto pamalo omwetsera mafuta a Mbowe ku Lilongwe. Mu Meyi 2020 anthu anaponya bomba la petulo pa ofesi ya chipani cha UTM ku Area 24 mumzinda womwewo, ndipo anthu atatu a banja limodzi lomwe linkagona m'nyumbayo anamwalira ndi zilonda za moto. Zipani zinali zosiyana, maboma analinso osiyana, koma onsewa anawaona ngati adani kaamba ka mbali yomwe ankaganiziridwa kuti ali.

Nkhanza zotere mayiko ena amaziyika m'gulu la milandu ya chidani. Apa ambiri amasokoneza. Lamulo lotere silibweretsa mlandu wachilendo ayi. Kuvulaza munthu modetsa nkhawa, kutentha nyumba ndi kupha ndi milandu kale mu Penal Code. Chomwe limawonjezera n'choti khoti lifunse chomwe chinamutuma wolakwayo. Zikapezeka kuti anasankha womukhapayo chifukwa cha mtundu, chipembedzo, khungu kapena chipani chake, chilango chimakwera. Maganizo ake ndi oti wobaya mnzake polimbirana ndalama walakwira munthu mmodzi ndi abale ake, pomwe wong'amba nsalu ya chipani m'chiuno mwa mayi pa depoti ya mabasi waopseza aliyense wosunga nsalu yotero m'nyumba. Mawa lake anthu savala makaka awo, sapita kumsonkhano, ena amaopa ngakhale kukavota.

Malawi alibe lamulo lapadera la milandu ya chidani, koma khomo lake n'lotsegula. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo, kuphatikizapo maganizo ake pa ndale, ndipo limalola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa zilango kwa ochita tsankho. Gawo 38 limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwabata, wosanyamula zida. Njirayi tinayendapo kale mu 2016, pomwe aphungu anakhwimitsa zilango pofuna kuteteza anthu achialubino omwe ankasakidwa ngati nyama.

Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amazunzidwa kaamba kokhala obwera, bilu yotere inalowa m'nyumba ya malamulo mu 2018 ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa anayisainira mu Meyi 2024. Iwo analekanitsa zinthu ziwiri mwanzeru. Pa milandu monga kumenya ndi kuwononga katundu, chipani cha munthu chili pa mndandanda wa zifukwa za chidani. Pa mlandu wolankhula mawu odanitsa, chipani sichilipo. Ine ndikuona kuti pamenepa m'pamene pagona nkhani. Mukangolemba kuti kunyoza chipani ndi mlandu, mwapatsa wolamula chingwe chomangira omudzudzula, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo lathu litadzabwera, lilange chikwanje, mwala ndi petulo, koma pakamwa pa anthu lisiyepo.

Nanga ganizo limasanduka bwanji lamulo? Njira yodziwika ndi ya boma. Unduna wa zachilungamo ku Capital Hill umalemba bilu, nthawi zina potsatira kafukufuku wa bungwe la Law Commission, nduna zimaivomereza, kenako imasindikizidwa mu Gazette n'kupita ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre. Njira ina ndi ya phungu wamba, yemwe amayamba wapempha chilolezo cha Nyumbayo. Tsiku la aphungu oterewa ndi Lachinayi.

M'nyumbamo bilu imawerengedwa katatu. Koyamba amangoitchula dzina. Kachiwiri ndiye pamakhala mtsutso pa cholinga chake, ndipo aphungu atha kuitumiza ku komiti yoona za malamulo kuti ikaiunike ndi kumva maganizo a mabungwe ndi anthu. Apa mpamene mawu a mzika amalowera mosavuta, chifukwa bilu ikadutsa pamenepa aphungu amangoiyenda ndime ndi ndime, kukonza mawu, n'kuiwerenga kachitatu. Ikavomerezedwa, gawo 73 limapatsa Pulezidenti masiku 21 oti asainire kapena akane. Akakana amaibweza kwa Sipikala ndi zifukwa zake, ndipo aphungu akaivomerezanso m'nthawi yoikika, iye sangakanenso. Lamulo limayamba kugwira ntchito likasindikizidwa mu Gazette.

Komatu kusainira sikumanga munthu. Chilango chokhwima chimagwera yekhayo amene wafika pamaso pa woweruza, ndipo kuti afike pamafunika wapolisi womugwira, wofufuza wosaopa foni yochokera kumwamba, ndi mboni zolimba mtima. Cholinga cha munthu n'chovutanso kuchitsimikiza. Chimaonekera m'mawu omwe ankakuwa pomenya, m'makaka omwe ovulalawo anavala, m'galimoto yomwe inatula anyamatawo, mwa yemwe anawagulira mowa n'kuwapatsa ya m'thumba. Mnyamata wa chikwanje nthawi zambiri ndi waganyu chabe. Lamulo losiya womutumayo lidzadzaza ndende ya Maula ndi ana a amphawi, mabwana ali phee kuseri kwa mipanda ku Area 10 ndi Area 43.

Mukaona zotere, jambulani ngati kutero sikuika moyo wanu pachiswe, lembani nambala ya galimoto ndi nthawi yake, kanenani kupolisi, ndipo wovulala atenge chikalata cha chipatala. Apolisi akakhala chete, dandaulo lipite ku bungwe la Malawi Human Rights Commission kapena ku Independent Complaints Commission, yomwe imafufuza madandaulo okhudza apolisi. Phungu wanu ndi mmodzi mwa 229 omwe ali ndi mphamvu yobweretsa bilu. Mulembereni kalata, mum'funse ngati angavotere lamulo lomwe lingamange ngakhale anyamata a chipani chake chomwe, ndipo yankho lakelo mulisunge.