Kujambula Kumene Nyenyezi Zimabadwira

Asilamufe tinazolowera kuyang'ana kumwamba pofuna mwezi watsopano. Kumwamba komweko kuli chinthu china chimene tingachijambule ndi foni kuno ku Chemusa: mtambo wotchedwa Orion Nebula.

Mu Januwale ndi Febuluwale, tikatha Swala ya Isha, tiyang'ane Akamwiniatatu, nyenyezi zitatu zondondozana zija. Mayina ake ndi ochokera ku Chiarabu: Alnitak, Alnilam ndi Mintaka. Chakummwera kwake kuli kamzere kena ka nyenyezi zozimirira. Yapakati pa kamzereka imaoneka ngati yokutidwa ndi utsi, ndipo ndiwo mtambowo. Si wamvula ayi, ndi mpweya wa hydrogen ndi fumbi. Zimenezi zimakokana ndi kuunjikana mpaka kutentha kwambiri, nyenyezi yatsopano n'kuyaka. Kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kutifike, choncho kumene tikukuona lero kunanyamuka Chisilamu chili m'zaka 100 zoyambirira.

Diso limangoona kautsi kotuwa, koma kamera imasonkhanitsa kuwala pang'onopang'ono n'kuonetsa kufiirira kwa hydrogen. Tikhazike foni pa njerwa kuti isagwedezeke, tisankhe "Pro" kapena "Night", ISO 1600 ndi masekondi 10. Tikatalikitsa kwambiri nyenyezi zimasanduka timizere chifukwa dziko likuzungulira.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi kuwala kwa mwezi ndi magetsi a m'tauni. Kalendala yathu itithandiza: kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi wachisilamu kumwamba kumakhala mdima. Mvula ikakata mitambo n'kuyera, kapena magetsi akazima, titulukire limodzi ndi makolo pabwalo tikaone chilengedwe cha Allah.