Magulu ambiri, ntchito imodzi: zimene njira ya Agile ingatiphunzitse pa chitukuko cha boma lathu

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa komiti ya chitukuko akuidziwa nkhani ya chipinda chophunziriramo chimene chinatha koma mulibe madesiki, kapena chipatala chaching'ono chimene chinafoleredwa bwino koma palibe madzi ngakhale nyumba ya namwino. Kawirikawiri sikuti pali amene anachita ulesi. Aliyense anagwira gawo lake, koma panasowa wolumikiza magawowo pa nthawi yake. Makampani akuluakulu opanga mapulogalamu a pa kompyuta akhala akulimbana ndi vuto lomweli kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zili ndi phunziro kwa ife kuno ku Chiradzulu, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 amene onse akuyang'ana kukhonsolo imodzi.

Chiyambi cha Agile

Mu February 2001, akatswiri 17 opanga mapulogalamu a pa kompyuta anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America. Iwo anali atatopa ndi kagwiridwe kakale ka ntchito, kamene munthu ankalemba pulani yaikulu ya zaka ziwiri kapena zitatu, n'kuitsata mpaka kumapeto, kenako n'kupeza kuti chimene wapanga sichikufunikanso. Chikalata chimene analemba chimatchedwa Agile Manifesto, ndipo mtima wake ndi wakuti ntchito igawidwe m'tizigawo tating'ono, kagawo kalikonse kathe ndi kuonetsedwa kwa mwini ntchito, ndipo zimene zaphunziridwa zisinthe pulani ya kagawo kotsatira.

Njira yotchuka kwambiri yochitira zimenezi ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995. Gulu la Scrum limakhala la anthu pafupifupi 10 kapena ocheperapo, ndipo limagwira ntchito m'nyengo zofanana zosapitirira mwezi umodzi, zotchedwa sprint. Tsiku lililonse gulu limakumana kwa mphindi 15 zokha kuti lione pamene lafika ndi chimene chikulitchinga. Nyengo ikatha limaonetsa zimene zatheka, kenako limakhala pansi kudziunika lokha.

M'gulumo muli maudindo atatu. Product Owner ndiye mwini mndandanda wa ntchito: amamva zofuna za anthu amene adzapindule, n'kusanja chimene chiyambe ndi chimene chidikire. Scrum Master salamula munthu. Ntchito yake ndi kuchotsa zopinga panjira ndi kuonetsetsa kuti gulu likutsata dongosolo limene linagwirizana. Otsalawo ndi ogwira ntchito eniake, ndipo iwo okha ndiwo amasankha momwe aigwirire.

Gulu likakula

Zonsezi zimayenda bwino pamene anthu ndi ochepa. Pa anthu 10, pali njira 45 zimene anthu awiriawiri angalankhulirane, ndipo nkhani imafika kwa aliyense lisanalowe dzuwa. Pa anthu 100, njirazo zimafika 4,950. Apa mpamene gulu lina limadikira linzake osadziwa kuti linzakelo nalo likudikira lachitatu, magulu awiri amagwira ntchito imodzimodzi, ndipo aliyense amalemba lipoti lakuti zake zatheka pamene chinthu chenichenicho sichikugwira ntchito.

Pofuna kuthana ndi zimenezi panabadwa madongosolo angapo. SAFe, imene Dean Leffingwell anaitulutsa mu 2011, imasonkhanitsa magulu angapo, anthu 50 mpaka 125, kukhala gulu limodzi lalikulu limene amaliyerekeza ndi sitima ya pamtunda yonyamuka pa nthawi yoikika. LeSS, ya Craig Larman ndi Bas Vodde, imakana kuchulukitsa maudindo: magulu ofika 8 amakhala ndi Product Owner mmodzi ndi mndandanda umodzi. Mayina ndi osiyana, koma mfundo zazikulu n'zofanana.

Yoyamba ndi mndandanda umodzi. Magulu onse amatapa ntchito pa mndandanda umodzi wosanjidwa motsatira kufunika kwake. Zinthu 10 sizingakhale zonse zoyamba. Wina ayenera kulimba mtima n'kunena chimene chidikire.

Yachiwiri ndi kuyendera kalendala imodzi. Magulu onse amayamba ndi kutsiriza nyengo zawo tsiku limodzi, kuti pofanizira zimene achita asapezeke wina ali pakati, wina sanayambe.

Yachitatu ndi kukonzera pamodzi. Mu SAFe, pakapita masabata 8 mpaka 12, anthu onse a m'sitima ija amakumana kwa masiku awiri. Gulu lililonse limanena chimene lichite ndi chimene likufuna kwa anzawo, ndipo zonse zimaikidwa pa bolodi limodzi, ulusi n'kulumikiza ntchito zimene zikudalirana. Ulusi ukachuluka pamalo amodzi, aliyense amaona ndi maso pamene ntchito idzatsamwe.

Yachinayi ndi kuonetsa chinthu chathunthu. Chimene chimawerengedwa kuti chatha ndi chimene munthu angachigwiritse ntchito lero. Kwa ife, mjigo watha pokhapokha madzi akutuluka, ayesedwa, ndipo komiti yoyang'anira yaphunzitsidwa.

Yachisanu ndi kuchepetsa ntchito zoyambidwa nthawi imodzi. Ndalama zokwana kumaliza nyumba zitatu zikagawidwa pa maziko asanu ndi anayi, chaka chimatha popanda nyumba ngakhale imodzi yolowamo munthu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Yomaliza ndi kutsitsa mphamvu. Ziganizo zimene zimabwera kawirikawiri, zofuna changu ndiponso zodalira kudziwa malo, zimasiyidwa kwa amene ali pa ntchitopo. Akuluakulu amasunga zokhazo zimene zimachitika mwa apo ndi apo koma zimakhudza onse kwa nthawi yaitali.

Maudindo a gulu lalikulu

Magulu akachuluka, maudindo atatu aja amabwerezedwa pa mlingo wapamwamba. Release Train Engineer ali ngati Scrum Master wa magulu onse: amaitanitsa msonkhano wokonzera pamodzi, amalondola ntchito zodalirana, ndipo chopinga chimene gulu limodzi lalephera kuchotsa amapita nacho kwa amene angachichotse. Product Management amasunga mndandanda waukulu ndi masomphenya a chinthu chonse. System Architect amaika miyezo kuti zimene magulu osiyana apanga zidzagwirane zikakumana. Business Owners ndi amene adzayankhe ntchito ikalephereka, choncho amavomereza zolinga za nyengo iliyonse ndi kubweranso kudzaona zotsatira. Palinso kamsonkhano kachidule ka nthumwi za magulu onse, kotchedwa Scrum of Scrums, kokambirana nkhani imodzi yokha: ndani akudikira ndani.

Tinazionapo kuno kwathu

Anthu a ku Chiradzulu sakufunika kuyang'ana ku America kuti aone ntchito yoyamba pang'ono n'kukula. Mu 2001, chaka chomwe akatswiri aja ankakumana ku Snowbird, bungwe la Médecins Sans Frontières mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo linayamba kupereka mankhwala a ARV pachipatala chachikulu cha boma lino, boma la Malawi lisanayambe kuwapereka mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Odwala atachuluka, zinaoneka kuti chipatala chimodzi sichingakwanitse, ndipo ulendo wochokera ku Namitambo kapena ku Nkalo unali wolemetsa munthu wodwala. Ntchitoyo inatsitsidwa kuzipatala zazing'ono. Madokotala atachepa, anamwino anaphunzitsidwa kuyambitsa mankhwala. Mizere itatalika, mu 2008 anayamba kulola odwala amene akupeza bwino kuonana ndi dokotala kapena namwino kamodzi pa miyezi 6, n'kumalandira mankhwala kwa alangizi a zaumoyo pa miyezi itatu iliyonse.

Palibe amene ankatchula zimenezi kuti Agile. Koma sitepe iliyonse inabadwa kuchokera pa vuto limene sitepe yapitayo inaonetsa, udindo unatsikira kwa amene ali pafupi ndi wodwala, ndipo malamulo a kaperekedwe ka mankhwala anakhalabe amodzi m'zipatala zonse. Kumasula manja a magulu koma miyezo n'kukhala imodzi, ndiye mutu wa nkhani yonse yokulitsa Agile.

Kuyerekeza ndi khonsolo

Ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, zonse za 1998, zinatipatsa kale makwerero. Makomiti a VDC amalemba zofuna za midzi, ma ADC amazisanja pa dera la mfumu yaikulu monga Kadewere, Mpama, Likoswe, Chitera, Nkalo kapena Ntchema, ndipo zonse zimalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse. Pulani imeneyi ndiyo mndandanda wathu umodzi, ndipo ofesi ya mapulani ndi chitukuko imene imaisunga ili pa malo a Product Management. Khonsolo yonse, momwe mumakhala makhansala, aphungu ndi mafumu, ikufanana ndi Business Owners. Mainjiniya a nthambi ya zomangamanga ndiwo oika miyezo. Komiti ya DEC, imene Bwanamkubwa amaitsogolera, ndiyo bwalo lokonzera pamodzi, pamene AEC, momwe alangizi a nthambi zosiyanasiyana amakumana pa dera, ingagwire ntchito ya Scrum of Scrums.

Mipando ilipo, chimene tingabwereke ndi kakhalidwe kake. Chaka cha boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndipo chili kale ndi zigawo zinayi za miyezi itatuitatu, zofanana ndi nyengo ya SAFe. Tayerekezani kuti kumayambiriro kwa chigawo chilichonse a maphunziro, a zamadzi, a zaumoyo, a zomangamanga, ogula katundu ndi mabungwe omwe si aboma aima pa bolodi limodzi. A maphunziro akuti zipinda ziwiri zitha mwezi wakuti. Pomwepo funso likubwera lakuti madesiki aitanitsidwa liti, zimbudzi akumba ndani, ndipo msewu wopita kumeneko udzapitika kodi mvula ikayamba. Mafunso amenewa ndi otchipa pa bolodi, koma ndi odula kwambiri kontilakitala atachoka kale.

Pulani imafunikanso kutha kusintha. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe, ndipo m'masiku ochepa zofunika za boma lonse zinasintha. Khonsolo yozolowera kusanjanso mndandanda wake miyezi itatu iliyonse imadziwa msanga chimene ingaimitse ndi chimene singachisiye.

Malire ake

Simenti si pulogalamu ya pa kompyuta. Mlatho sungamangidwe theka kuti tione ngati anthu aukonda, ndipo maziko olakwika sakonzedwa sabata yamawa. Malamulo ogulira katundu wa boma ali ndi masiku ake amene sitingawadumphe, ndipo ndalama zochokera ku likulu sizifika nthawi zonse pa tsiku loyembekezeka. Ngozi ina, imene makampani ambiri anagweramo, ndi kusintha mayina a maudindo ndi kuchulukitsa misonkhano pamene ziganizo zonse zikudikirabe siginecha ya munthu mmodzi. Msonkhano umene suchotsa chopinga chilichonse wangodya mafuta a galimoto.

Komabe nkhaniyi ikukhudza thumba lathu. Pansi pa ntchito ya GESD, imene imathandizidwa ndi World Bank kudzera ku National Local Government Finance Committee, ndalama zina za chitukuko zimaperekedwa motsatira momwe khonsolo yachitira pa kauniuni wa chaka ndi chaka. Ntchito zosatha ndi malipoti ochedwa zimachepetsa zimene midzi yathu ingalandire chaka chotsatira.

Choncho pa msonkhano wotsatira wa VDC kapena ADC, komiti ingayambe ndi mafunso anayi. Pa ntchito zonse zili pa mndandanda wathu, yoyamba ndi iti? Tidzati yatha pakachitika chiyani? Tikudikira ndani, nanga iye akudziwa kuti tikumudikira? Tidzakumananso liti kuti tione ndi maso zimene zatheka? Mayankho alembedwe m'buku la komiti, ndipo pa msonkhano winawo mlembi ayambe ndi kuwawerenga.