Phunziro 18: Msana wa Mlimi

Ife alimi timakudziwa kuwawa kwa msana. Tikagwira khasu tsiku lonse, kapena tikasenza matumba a chimanga, msana umawawa. Tikapuma masiku awiri kapena atatu, umaleka. Kumeneko ndi kutopa chabe.

Koma kulinso kuwawa kwina. Sikuleka ngakhale tipume. Usiku kumakula. Masabata amapita, msana uli chiwawire. Munthu amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku, nsima saifuna, amawonda. Apatu, anzathu, tichenjere.

Matenda otere amabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Kawirikawiri ndi tomwe tija ta chifuwa chachikulu, TB. Dokotala Robert Koch wa ku Germany anapeza tizilombo timeneti mu 1882. Timalowa m'mapapo ndi mpweya, kenaka timayenda ndi magazi mpaka ku mafupa a msana. Kumeneko timadya fupa monga chiswe chimadyera mzati wa nkhokwe. Fupa likafooka, msana umapindika, pamatuluka linunda. Miyendo imachita dzanzi. Mapeto ake munthu akhoza kuleka kuyenda.

Tizilombo tina timachokera ku ng'ombe ndi mbuzi zodwala. N'chifukwa chake mkaka tiziphitsa tisanamwe. Ng'ombe ikataya mwana wakufa, tisamugwire ndi manja athuwa.

Si ufiti ayi. Mphini sizipha tizilombo.

Tichite chiyani? Kaya tili ku Mualadzi, ku Nsadzu kapena pa Chifunde penipeni, tipite naye wodwala ku chipatala chapafupi linunda lisanatuluke. Anamwino adzagwira msana, adzayeza makhololo ndi magazi, adzayezanso HIV. Mwina adzamutumiza ku chipatala chachikulu cha ku Tete kukajambulitsa msana. Miyendo ikafooka, kapena mkodzo ukayamba kutuluka wokha, tisadikire mawa. Tinyamuke lero.

Mankhwala a TB ndi aulere ku chipatala cha boma. Amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi 6 kapena kuposa, nthawi zina mpaka 12. Ululu ukachepa, tisasiye. Wosiyira panjira, matenda amamubwerera, ndipo mankhwala aja akhoza osagwiranso ntchito.

Mnzathu akadwala, koperativa imulimire munda. Asasiye mankhwala chifukwa cha udzu.

Tikambirane:
1. Kodi msana wa kutopa usiyana bwanji ndi msana wa matenda?
2. Tiziphitsiranji mkaka?
3. Mnzathu akadwala, adzamuperekeza ndani?

Tilembe: msana, fupa, mkaka, chipatala.