Buku likamawerengedwa ndi khutu, mawu a m'munsi apite kuti?

Wophunzira wosaona akumvetsera buku la mbiri yakale pa kompyuta, ndipo akumva kuti dziko la Malawi linayamba kudzilamulira m'chaka cha 19643. Wolemba bukulo sanalakwitse. Iye analemba 1964, kenaka pamwamba pang'ono anaikapo kanambala kakang'ono, 3, kolozera ku mawu a m'munsi mwa tsamba. Makina amene anajambula tsambalo sanazindikire kuti kanambalako n'kapadera, ndiye anangokamatiza ku chakacho. Munthu woona akhoza kutulukira msanga chimene chachitika. Womvetsera alibe poonera, amangolandira zimene wauzidwa.

Kulakwika ngati kumeneku kumaoneka kochepa, koma kumagwera anthu amene mabuku ndi owasowa kale. Mu 2019 bungwe la WHO linanena kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto la maso. Ena magalasi amawathandiza, koma ena sangawerenge zilembo wamba ngakhale pang'ono. Bungwe la World Blind Union lakhala likudandaula kuti mwa mabuku 100 alionse osindikizidwa, osakwana 10 ndi amene amapezeka m'njira yoti osaona awerenge. N'chifukwa chake mu 2013 maiko anagwirizana pangano la ku Marrakesh, m'dziko la Morocco, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016. Panganoli limalola kusandutsa buku kuti likhale la zilembo za Braille, la zilembo zikuluzikulu kapena lomvetsera popanda kuyamba kupempha chilolezo kwa mwini bukulo. Dziko la Malawi linalowa nawo m'panganoli mu 2017.

Chilolezo chilipo, koma ntchito yake ndi ya manja. Buku lopezeka papepala pokha amalijambula tsamba ndi tsamba pa sikana. Chotuluka chimakhala chithunzi chabe, ndipo pulogalamu ya OCR ndi imene imayang'ana maonekedwe a chilembo chilichonse n'kuchisandutsa chilembo choti kompyuta iwerenge. Luso limeneli si ladzana. Mu 1976 Ray Kurzweil wa ku America anaonetsa makina owerengera osaona mabuku mokweza, ndipo woimba Stevie Wonder anali mmodzi mwa oyamba kukhala nawo. Lero OCR imazindikira bwino zilembo zooneka bwino, koma imavutikabe kudziwa ntchito ya chidutswa chilichonse cha tsamba.

Mawu a m'munsi anapangidwira diso. Diso limaona kanambala, limatsika pansi pa tsamba ngati likufuna, n'kubwerera pomwe linasiyira. Likapanda kufuna limangopitirira. Khutu silingatero, chifukwa limalandira mawu mondondozana ngati madzi a mumpopi. Chala choyenda pa Braille nachonso chimatsata mzere umodzi pa nthawi.

Apa m'pamene pamabadwa mavuto atatu. Loyamba ndi la zizindikiro: kanambala kamamatirira ku mawu, kamasanduka mtundu wina wa chizindikiro, kapena kamasowa kumene. Kanyenyezi kolozera kamatha kutengedwa ngati kadontho ka inki, ndipo kamtanda kamasanduka t. Lachiwiri ndi la malo. Chiganizo chikayamba kumapeto kwa tsamba n'kukathera patsamba lotsatira, mawu a m'munsi amalowa pakati pake, motero womvetsera amamva theka la ganizo, kenaka dzina la buku lina ndi chaka chake, kenaka theka lotsala. Lachitatu ndi la mawu a m'munsi aatali, amene amasefukira patsamba lachiwiri. Mchira wawo umakhala wopanda nambala, ndiye umaoneka ngati ndime wamba yosokera.

Wokonza zolakwika akatopa amatha kuganiza zongofufuta zonsezo kuti buku liziyenda bwino. Kutero n'kulanda wowerenga gawo la buku. Wophunzira zamalamulo amapeza maina a milandu m'munsimo. Wofufuza mbiri amadziwira m'munsimo ngati wolemba anatenga nkhani kwa mboni yeniyeni kapena anangomva zam'maluwa. Edward Gibbon, amene anayamba kusindikiza mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Roma mu 1776, amadziwika kuti nthabwala zake zambiri ndi mawu ake oluma anazibisa m'munsi mwa masamba. Ngakhale wowerenga Baibulo amadziwa kuti mavesi olozerana ndi timawu tofotokozera si zokongoletsera. Woona amasankha yekha kuwerenga kapena kudumpha, ndipo ntchito ya wokonza ndi kusiyira wosaona ufulu womwewo.

Anthu amene agwira ntchitoyi nthawi yaitali ali ndi njira zawo. Gulu la Distributed Proofreaders, limene linayamba mu 2000 pothandiza laibulale ya pa intaneti ya Project Gutenberg, limaika chithunzi cha tsamba pambali pa mawu otuluka mu OCR, ndipo tsamba lililonse limadutsa m'manja mwa anthu angapo. Kanambala kolozera amakatsekera chonchi [3] kuti kasasakanikirane ndi chaka kapena chiwerengero. Mawu a m'munsi osefukira patsamba lina amawaika kanyenyezi, kuti womaliza kusonkhanitsa buku adzalumikize mutu ndi mchira. Laibulale ya Bookshare, imene bungwe la Benetech linatsegula mu 2002 ku California, nayonso inayamba ndi mabuku ojambulidwa ndi kukonzedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri a iwo osaona.

Pa zonsezi pali mfundo zingapo zimene wokonza aliyense angatsate. Ajambule masamba mosachepera 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo akweze ngati zilembo za m'munsi zili zing'onozing'ono. Awerengetse manambala: akapeza 14 ndi 16 m'nkhani, 15 wabisala penapake. Aone ngati manambala akuyambiranso mutu uliwonse kapena tsamba lililonse, chifukwa akasonkhanitsa mawu a m'munsi kumapeto adzakhala ndi ma 1 ambirimbiri osadziwika kwawo. Asadule chiganizo pakati. Asunge manambala a masamba a buku losindikizidwa, kuti mphunzitsi akati tsegulani tsamba 87 wosaona afike pomwe anzake afika. Ndipo njira imene wasankha aifotokoze koyambirira kwa buku n'kuitsata mpaka kumapeto.

Njira yokwanira bwino imapezeka m'mabuku a pakompyuta a DAISY, amene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1996, komanso a EPUB 3. M'menemo kanambala ndi mawu ake zimalumikizidwa, ndipo chilichonse chimalembedwa chizindikiro chosonyeza ntchito yake. Wowerenga akhoza kuuza makina kuti adumphe mawu onse a m'munsi, kapena kupita kukamva amodzi n'kubwerera pomwe anali. Koma makina amadumpha zokhazo zimene munthu anazizindikiritsa. Fayilo ikhale yamakono bwanji, ngati wokonza sanachite mbali yake imawerenga zonse mosakaniza. Pa Braille ya papepala palinso china: tsamba limodzi losindikizidwa limadya masamba angapo, ndiye pansi pa tsamba sipakhalanso pomwe panali. Okonza amaika mawuwo pambuyo pa ndime, pothera pa tsamba la buku loyambirira, kapena kumapeto kwa mutu.

Mabuku a Chichewa ali ndi msampha wawo. Timalemba kachizindikiro kam'mwamba kawirikawiri, monga mu ng'ombe ndi m'nyumba, ndipo kanambala 1 kakang'ono kamafanana nako kwambiri. Chilembo cha ŵ, chimene chili m'mabuku ngati Buku Loyera, OCR yozolowera Chingerezi imatha kuchisandutsa w kapena chizindikiro chachilendo. Pulogalamu yofufuza zolakwika m'Chingerezi singathandize apa. Pamafunika munthu wodziwa chinenerocho, wokhala ndi buku lenilenilo pambali. Buku likatha kukonzedwa, lisanapite kwa ana a sukulu ya osaona ya ku Chilanga ku Kasungu kapena ya ku Lulwe ku Nsanje, wokonzayo azimitse sikirini, ayatse pulogalamu yowerenga mokweza monga NVDA, amvetsere mutu umodzi wathunthu. Chabwino koposa n'kupempha munthu wosaona kuti aliyese, chifukwa iye ndiye angamve msanga pomwe nkhani yaduka.