Ntchito ya Ashley Johnson: kuchita sewero popanda kuonetsa nkhope

Ashley Johnson anabadwa pa 9 Ogasiti 1983 ku Camarillo, m'chigawo cha California ku America, ndipo anayamba zisudzo ali kamwana. Amene anaonerapo filimu ya Jean-Claude Van Damme yotchedwa Lionheart, ya mu 1990, anamuona kale osadziwa: kamtsikana kaja, mwana wa m'bale wake wa Van Damme m'filimumo, ndi iyeyo. Chaka chomwecho analowa m'sewero lanthabwala la pakanema wa ABC, Growing Pains, monga Chrissy Seaver, chitsiriziro m'banja la Seaver. Anakhalamo mpaka seweroli linatha mu 1992, ndipo m'chaka chomalizacho ankasewera limodzi ndi mnyamata wina amene dzina lake linali lisanamveke, Leonardo DiCaprio.

Ana ambiri otchuka pakanema amazilala akangokula, chifukwa chimene anthu ankawakondera ndi ubwana wawowo. Johnson anapulumukira ku mawu. Kuyambira mu 1997 iye ndi amene ankayankhula m'malo mwa Gretchen Grundler mu katuni ya Disney ya Recess. Kenako anakhala Terra mu Teen Titans, ndipo kuchokera mu 2008 anakhala Gwen Tennyson mu Ben 10: Alien Force.

Ntchito imeneyi anthu amaiyesa yongowerenga pepala, koma ife ophunzitsa zisudzo timaiika m'gulu la ntchito zovuta kwambiri. M'makatuni ambiri a ku America mawu ndi amene amayamba kujambulidwa, zithunzi zimabwera pambuyo potsatira mawuwo. Wosewera amalowa m'kachipinda kosalowa phokoso, kutsogolo kwake kuli maikolofoni ndi pepala basi. Kawirikawiri mnzake amene akuyankhulana naye m'nkhaniyo sakhalapo. Chiganizo chimodzi amachibwereza katatu kapena kupitirira, ulendo uliwonse mosiyana, kuti wotsogolera asankhepo. Nkhope ilibe ntchito, manja alibe ntchito. Kumwetulira kuyenera kumveka, mantha ayenera kumveka m'kapumidwe. Aliyense amene anakula akumvera Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC amadziwa kuti khutu silinamizika: munthu akamangowerenga, womvera amazindikira nthawi yomweyo.

Mafilimu sanawasiye, ngakhale kuti mbali zimene ankapatsidwa sizinali zikuluzikulu. Mu 2000 anali mwana wamkazi wa Mel Gibson mu What Women Want, mu 2011 anaoneka mu The Help, ndipo mu The Avengers ya 2012 anali woperekera zakudya m'lesitilanti amene akupulumuka pa nkhondo ya mumzinda wa New York.

Dzina lake linakhazikika ndi gemu. Mu Juni 2013 kampani ya Naughty Dog ya ku Santa Monica inatulutsa The Last of Us pa PlayStation 3. Nkhani yake, yolembedwa ndi Neil Druckmann, ndi ya dziko limene lasakazidwa ndi mliri wa kabowa kotchedwa Cordyceps, kamene kamalowa mu ubongo wa munthu n'kumusandutsa chilombo. Bambo wina wotchedwa Joel, amene anamwaliridwa mwana wake wamkazi, akuperekeza Ellie, mtsikana wa zaka 14 amene matendawa samugwira, pa ulendo wodutsa dziko la America. Troy Baker anali Joel. Johnson, amene pa nthawiyo ankayandikira zaka 30, anali Ellie.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti munthu wa m'gemu amapangidwa ndi kompyuta, wosewera n'kungoikapo mawu. Zimene zimachitika n'zakuti osewera amavala zovala zothina thupi lonse, zomatidwa timipira ting'onoting'ono tonyezimira m'mapewa, m'zigongono, m'chiuno, m'mawondo ndi m'mapazi. Amalowa m'chipinda chachikulu chopanda kanthu, chozunguliridwa ndi makamera ambiri amene saona munthuyo koma timipirato. Kompyuta imalumikiza timadontho timeneti n'kupanga mafupa oyenda, ndipo pa mafupawo ndi pamene akatswiri amavekapo thupi la Ellie. Njirayi imatchedwa motion capture. Mulibe nkhalango m'chipindamo, mulibe chipale chofewa, mulibe nyumba yakugwa. Galimoto ndi mipando yoikidwa moyandikana, khomo ndi matabwa okhomedwa mwachangu. Wosewera ayenera kuona zonsezo m'mutu mwake ndi kuchititsa thupi lake kuzikhulupirira. Mayi wamkulu amafunika kuyenda, kukhala pansi ndi kunyanyala ngati mtsikana wa zaka 14, ndipo kamera siibisa chilichonse: phewa likauma, limaoneka louma mpaka m'gemu.

M'gemu yoyambayo nkhope sizinajambulidwe ndi makina. Akatswiri ankaonera vidiyo ya osewerawo n'kumaumba nkhope ya Ellie pamanja, kachigawo ndi kachigawo. Pofika pa The Last of Us Part II, imene inatuluka mu Juni 2020, osewera ankavala chipewa chokhala ndi kamera yoloza kumaso, nkhope itadonthezedwa timadontho, kotero kuti kunjenjemera kwa mlomo ndi kuphethira kwa diso zinkachokera kwa Johnson mwini.

Palinso gawo lina limene owonera saliganizira. Filimu imatha m'maola awiri, pomwe gemu imatenga maola ambirimbiri, ndipo wosewera gemuyo amatha kuchita zinthu mosiyanasiyana. Motero pamafunika mawu a chilichonse: kudumpha, kugwa, kumenyedwa, kuwefuka pothamanga, kukuwa pofa, ndiponso timawu tongoyankhula poyenda m'njira. Zimenezi zimajambulidwa padera m'situdiyo, ndipo kukuwa kwa maola angapo kumatha kuvulaza kholingo. Nkhani yoteteza mawu a osewera inali imodzi mwa zifukwa za sitalaka imene bungwe lawo la SAG-AFTRA linayamba mu Okutobala 2016 motsutsana ndi makampani ena a magemu, ndipo inatha pafupifupi chaka. Dandaulo lina linali la malipiro. Wosewera wa pakanema amalandirabe kenakake sewero lake likamaonetsedwanso, koma wa m'gemu nthawi zambiri amalipidwa pa tsiku limene wagwira ntchito, gemuyo igulidwe chotani. Mu Julayi 2024 bungweli linanyanyalanso ntchito, ulendo uno pofuna kuti makampani asamagwiritse ntchito AI kukopera mawu ndi mayendedwe a munthu popanda chilolezo chake. Dandaulo limeneli n'lomveka, pakuti wosewera wa mtundu uwu alibe chuma china koposa mawu ndi thupi lakelo.

Johnson sanangolandira Ellie monga analembedwera. Anakakamira kuti mtsikanayu asakhale wongodikira kupulumutsidwa, ndipo olemba anamusintha kuti azitha kudziteteza. Chidwi chimene Ellie ali nacho pa za mlengalenga chinachokeranso kwa iye, ndipo nyimbo zimene Ellie amaimba ndi gitala mu gemu yachiwiri anaimba ndi Johnson yemweyo. Bungwe la BAFTA ku Britain linamupatsa mphoto ya wosewera bwino m'magemu mu 2014, n'kumupatsanso mu 2015 chifukwa cha Left Behind, kachigawo kowonjezera ka nkhani ya Ellie. Mphotozo zinamuyenera. Chovuta pa Ellie sichinali kulira kapena kukuwa, koma kusonyeza mwana amene amaseka pofuna kubisa mantha, ndipo zimenezo zimamveka m'mawu ake ngakhale munthu atatseka maso.

Kuchokera mu 2015 mpaka 2020 anabwerera pakanema monga Patterson, katswiri wofufuza umboni wa FBI mu sewero la NBC la Blindspot. Chaka chomwecho cha 2015, iye ndi anzake ochita za mawu, kuphatikizapo Matthew Mercer ndi Laura Bailey, anayamba kuulutsa pa intaneti Critical Role, pulogalamu imene amakhala patebulo n'kumasewera Dungeons & Dragons, aliyense akupeka mawu a munthu wake pomwepo popanda cholembedwa. Popeza Blindspot inkajambulidwa ku New York pomwe anzakewo anali ku Los Angeles, zigawo zambiri zinkamuphonya. Nkhani ya pulogalamuyi inasanduka katuni, The Legend of Vox Machina, imene inayamba kuonetsedwa pa Prime Video mu 2022, iye akuyankhulira Pike Trickfoot.

Pamene HBO inasandutsa The Last of Us kukhala sewero la pakanema mu 2023, mbali ya Ellie inapita kwa Bella Ramsey wa ku England, pakuti pa kamera wamba msinkhu subisika. Johnson anapatsidwa mbali ina m'chigawo chomaliza cha chaka choyambacho. Anali Anna, mayi amene akubereka Ellie ali yekha m'nyumba yosiyidwa.