Mpingo ndi Anansi Ake: Za ku Nsadzu ndi pa Boma la Chadiza

Ana inu, mukudziwa m'mene maliro amayendera kumudzi. Munthu akatisiya, amfumu amatuma uthenga, adzukulu amakumba manda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni. Koma pa boma la Chadiza pali anthu ambiri obwera ndi ntchito: mphunzitsi wa ku Mongu, wapolisi wa ku Kasama, namwino amene abale ake onse ali kutali. Zovuta zikagwa m'nyumba mwa munthu wotere, adzagona naye pa siwa ndani? Lero tikambirana za m'mene mpingo umakhalira mnansi wa anthu ouzungulira.

Tiyambe ndi zakale. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Nsadzu m'dera lathu lino. Musaganize kuti anthu anathamangira ulaliki wa alendowo. Poyamba anangoyang'ana ali patali. Chimene chinafewetsa mitima ndi ntchito za manja: sukulu, mankhwala, makamaka kusamala odwala khate. Masiku amenewo khate linali loopedwa kwambiri, ndipo m'midzi ina wodwala ankamumangira kanyumba kayekha, chakudya n'kumamuikira chapatali. Ku Nsadzu odwala otere analandiridwa, natsukidwa zilonda zawo. Banja limene mbale wawo anasamalidwa motero silikanathanso kunena kuti tchalitchi n'cha anthu ena. Lero khate limachiritsika ndi mankhwala a kuchipatala, tsono musathawe wodwala.

Si zonse zinayenda bwino ayi. Amishoni analetsa akhristu kulowa Nyau, ndipo lamulolo linagawa mabanja ambiri a Achewa. Ine ndiona kuti akanayamba ndi kumvetsera asanaweruze, milandu ina sikanabuka.

Mu 1966 mpingowu unakhala m'manja mwa eni dziko, ndipo mu 1968 unatenga dzina la Reformed Church in Zambia. Pamenepo n'kuti anthu ambiri a kum'mawa atasamukira ku Lusaka ndi ku migodi. M'makomboni monga Matero munalibe bwalo la mfumu, munalibenso atsibweni okambira munthu mlandu. Tsono mpingo unagawa malo ake m'zigawo. Chigawo chilichonse chili ndi mkulu wa mpingo woyendera mabanja, ndi mtumiki wosonkhanitsa zopereka zothandizira osowa. Amayi a Chigwirizano amazonda odwala, amatungira madzi okalamba, ndipo pamaliro ndiwo amaimba usiku wonse. Akatolika nawonso anachita zofanana: mabishopu a kum'mawa kwa Africa, pa msonkhano wao wa ku Nairobi mu 1973, analimbikitsa timagulu ta mabanja oyandikana, timene ambiri amatitcha miphakati.

Koma pali funso lovuta. Kodi thandizoli limalekera kwa olembedwa m'buku la mpingo okha? Ngati womwalira anali Msilamu, kapena sankapemphera konse, kodi amayi aja adzabwerabe ndi nkhuni? Anthu a m'komboni amayang'anitsitsa pamenepa, ndipo saiwala msanga amene anabwera ndi amene anakhala kwao.

Aphunzitsi, phunziro likatha tumani ana akafunse makolo ao kuti pa maliro omaliza a m'dera lao anaphika ndani, anapereka bokosi ndani, ndipo anthuwo anali a mpingo uti. Mayankhowo muwalembe pa bolodi sabata yamawa.